Ife a Kuseri kwa Chigayo

Lolemba
Ndatopa nazo! Komboni yathu ilibe dzina. Wanjinga akafunsa kokutula, umangoti "kuseri kwa chigayo". Chigayocho chinatsekedwa ndili giredi faifi, lero amametamo tsitsi. Lamulungu kuli mpikisano wa mpira wa achinyamata ku parishi, ndipo fomu ikufuna dzina la timu. Ine kaputeni ndasankha kale: Nyenyezi za Kum'mawa. Penti wolembera chikwangwani ndagula.

Lachiwiri
Msonkhano pansi pa mango. Ndikuyembekeza kuomberedwa m'manja, koma kukubwera maina ena.
Jere wa ku Mtenguleni: Impi.
Tiwonge wa ku Lundazi: lililonse, bola la Chitumbuka.
Mwansa, goloboyi wathu Mbemba: Odya Mbewa.
Jere akuti ndiye tikhale Odya Anyani. Mngoni ndi Mbemba akayamba kunyozana pachimbuya, chibale chawo chanthabwala, sungawaletse. Za nyenyezi palibe wazimva.

Lachitatu
Voti. Tilipo khumi ndi anayi, maina atuluka khumi ndi asanu. Langa lapeza voti imodzi, yanga.

Lachinayi
Mwansa akuti iye anabadwira ku Kitwe, osati kum'mawa kuno, za "Kum'mawa" zikalembedwa sagwira mpira. Goloboyi wina tilibe. Tayesa kuphatikiza maina onse kuti wina asadandaule. Sakukwana pa fomu!

Lachisanu
Penti wanga wathera pa khola la nkhuku. Amayi: "Unali kungokhala, mwanawe." Khola lakongola, sindikana.

Loweruka
Ndikupereka fomu, pa dzina pali pambalambanda. Akatekisiti akungondiyang'ana kumaso: "Aa, ndinu aja a kuseri kwa chigayo." Alemba zomwezo. Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Lamulungu
Atiitana nalo dzinalo pa chimkuzamawu. Ndaweramitsa mutu kudikira kusekedwa. Koma phokoso lake! Komboni yonse yabwera: amayi ake a Tiwonge ndi chigubu choimba, wometa uja watseka shopu, azakhali a Jere akululutira. Onse pakamwa pamodzi: "Chigayo! Chigayo!" Mwansa wagwira penati, Jere wamunyamula akumutcha m'bale wake. Ine misozi, ndikunamizira fumbi.

Tagonja zitatu kwa chimodzi. Za nyenyezi ndazisiya, basi.

Pobwerera wanjinga akufunsa konditula. "Kuseri kwa chigayo," ndikuyankha mokweza, kuti a timu yopambana aja amve.