Makapu Awiri a Tiyi

Ku labotale kwathu kunali achikulire ena amene sankapatsa munthu tiyi m'kapu imodzi, ayi ndithu. Ankakuikira makapu awiri, ina ya shuga, ina yopanda, n'kuima poteropo manja kumbuyo kuti aone imene umalize. Tinkangowatchula kuti a Makapu.

Khalidweli analitengera ku ntchito, poti ndiwo ankasamalira makoswe athu a kafukufuku. M'khola lililonse timaikamo mabotolo awiri, la madzi a shuga ndi la madzi wamba. Khoswe wosangalala amakakamira otsekemerawo, koma amene moyo wamukwana amangomwa alionse. Mabotolowo timawasinthanitsa malo, kuopa kuti khoswe angamamwe mbali imodzi chifukwa chongozolowera. Ndiye a Makapu anangoona kuti munthu ndi khoswe n'chimodzimodzi basi.

Mtsikana wa mu ofesi atasiya shuga kuti achepetse thupi, anamulondola mpaka pageti, kumufunsa kuti mnyamata wamuswa mtimayo ndani. Wokonza magetsi anachita kulumbira kuti anamuletsa shuga ndi adokotala, koma iwo ankangomusisita paphewa n'kumamuuza kuti zidzatha.

Vuto lawo lalikulu linali chisoni. Akaona khoswe ali khuma pakona, ankamunyamula, kumugirigisha pamimba, kumuimbira ngati mdzukulu. Tsiku lina a Pulofesa anapeza makoswe amene ankayenera kukhala okhumudwa akupapira madzi a shuga, michira ili m'mwamba.

"Achikulire, mwandiwonongera kafukufuku yense!"

"Pepani bwana. Kungoti uyu anandiyang'ana."

Kenako akazi a achikulire aja anamwalira. A Makapu anabwerera ku ntchito nthabwala zili zomwe zija, aliyense wowafunsa n'kumamuyankha kuti ali gwa. Ine sizinandilowe m'mutu. Ndinawaikira makapu awiri, ndipo anamwa yakumanja, ya shuga. Mawa lake ndinasinthanitsa. Anatenganso yakumanja, yopanda shuga ija, n'kugugudiza yonse osakwinya n'komwe nkhope, munthu amene kale ankathira shuga mpaka supuni kuima yokha. Zinandiwawa kwambiri.

Analawa kapu inayo, n'kundiyang'ana.

"Wasinthanitsa eti, mwanawe?"

"Eya, achikulire."

"Ndinakuphunzitsa bwino."

Tinayesetsa kuwachitira zimene iwo ankachitira makoswe aja. Ngakhale a Pulofesa anawaimbira nyimbo, ndi mawu awo aja ngati chitseko cha dzimbiri. A Makapu ankaseka kuti tisachite manyazi, koma tiyi ankangomwa aliyense. Chaka chisanathe anatsatira mayi aja.

Pano makoswe akumakhumudwa mwadongosolo, kafukufuku akuyenda, a Pulofesa alibe womukalipira. Koma shuga wa m'chipinda chomwera tiyi, amene kale ankatha sabata isanafike pakati, wachita kuumira m'chitini. Palibe amene anasiya dala. Tikungoiwala kuthira.