Majekete a Eni ku Zanzibar

Pa zithunzi zonse za ulendo wathu wa ku Zanzibar, pali chimodzi chimene Mwansa amandiopseza nacho ndikamuputa. Ndaima kunja kwa bwalo la ndege, dzuwa likuswa mtengo, anthu onse ali m'makabudula, ine ndanenepa ndi majekete anayi, thukuta lili kamukamu, foni ili kukhutu, kukamwa kuli yasa. Ndaona kuti bola ndifotokoze ndekha asanachiponye pagulu la kutchalitchi.

Mwansa ndi mnzanga wa ku Zambia. Timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham, kuno ku London, ndipo ndi munthu woti akamva kuti kwina kwatchipa sagona tulo. Tsiku lina mu Januwale, tikumwa tiyi pa buleki, anandiika foni pamphuno.

"Ona iyi deal, mwana. Zanzibar, masiku ang'ono chabe, na pogona pamene. Na passport yako sibafuna visa. Tiyende tikaoteko zuba, tafa na mphepo."

Zinali zotchipadi, koma zotchipa zili ndi malamulo ake. Tikitiyo sinkalola sutikesi, kachikwama kamodzi kokha kolowa nako m'ndege. Ndinavomera pompo, mpaka kuvina pang'ono. Nditakwera basi yobwerera ku Thamesmead m'pamene ndinakumbukira amayi.

Amayi anga ali ku Kawale, ku Lilongwe, ndipo chibwerereni kuno anali asanandione. Lamulungu lililonse foni yathu inkatha ndi funso limodzi: "Nanga ubwera liti?" Ine ndinkayankha kuti matikiti adula ndipo kuntchito sakundipatsa livu yaitali. Silinali bodza. Kupita kumudzi si nkhani ya kachikwama, kumafuna masutikesi awiri ndi kenakake ka azakhali aliyense. Komabe mungawauze bwanji amayi anu kuti mwauluka mtunda wonsewo, mwafika kuseri kwa nyumba yawo, n'kukagona pamchenga osawaona? Ndinatsimikiza kuti ulendowu saudziwa munthu.

Vuto linali tiyi. Kutchalitchi kwathu ku Tottenham timasinthana kuphika tiyi mapemphero akatha, ndipo sabata imeneyo inali yanga. Ndinayenera kutsanzika kwa Mayi Kalua, mkulu wa amayi.

"Mayi, sabata yamawa sindipezeka. Ndichokapo pang'ono, ndikwera ndege."

"Ambuye alemekezeke!" anatero akundikumbatira. "Mukupita kumudzi! Mayi anu aone nkhope yanu, mwanangu."

Kwa Mayi Kalua, Mmalawi akatenga livu n'kukwera ndege, ndegeyo imatera malo amodzi basi. Apa m'pamene ndikanawawongola. Koma manyazi adapha lambe. Ndinangomwetulira (kumwetulira kumeneko ndimakukumbukirabe ndi mkwiyo).

Tsiku la ulendo, ndikutseka chitseko, ndinamva hutala pansi. Bambo Kalua, amene amayendetsa takisi, anali atafika ndi akazi awo.

"Mwana wathu sangapite kumudzi pa basi ngati alibe abale," anatero bambowo.

Tinakamutenga Mwansa, amene ndinamunong'oneza nkhaniyo akulowa. Njira yonse anangoluma mpango wake, mapewa akugwedezeka. Titafika pabwalo la ndege, Bambo Kalua anatsegula buti.

"Kakatundu kochepa chabe," anatero Mayi Kalua. "Kopepuka."

Majekete atatu. Lalitali lofika m'mawondo linali la bambo awo ku Dedza. Lofufuma ngati matiresi linali la mwana wa mayi wina, woyendetsa kabaza wa njinga yamoto. Lachitatu, la ubweya m'khosi, linali la apongozi a woyimbitsa kwaya. Kukana sindikanatha, chifukwa chaka chathachi Mayi Kalua omwewo ananditengera nsapato za amayi mpaka ku Kawale osadandaula. Akanandipatsira kunyumba ndikanangowabisa pansi pa bedi, koma anthuwa anali atabwera kudzaperekeza, ndipo Mmalawi woperekeza sabwerera asanaone msana wako ukuzimirira.

M'kachikwama simukanalowa ngakhale mkono wa jekete. Mtengo wowonjezera chikwama nditaumva, ndinafunsanso kuganiza kuti akunena za tikiti ina.

"Vala chabe," anatero Mwansa. "Vili pa thupi sibapima."

Ndinavala, pamwamba pa langa. Mayi Kalua anandithandiza kumanga mabatani, akuti ndachita nzeru chifukwa m'ndege mumazizira. Kenaka tinagwirana manja n'kupemphera, ngakhale manja anga sankapindika. Pofufuza katundu ndinavula limodzilimodzi, ndipo bambo wa pamenepo, ataona lachinayi, anafunsa mwaulemu ngati mkatimo mwatsala munthu.

Titatera ku Zanzibar ndinawavalanso, poti kunyamula majekete anayi ndi chikwama pamzere wa mapasipoti kumafuna manja asanu. Kutuluka panja kunali ngati kulowa mu uvuni wa njerwa. Ndinayatsa foni kuti tione njira ya kogona, ndipo uthenga woyamba unali wa amayi. Unayamba ndi nthungululu.

"Mayi Kalua andiuza! Umafuna kundidzidzimutsa eti? Chipinda ndakolopa, nkhuku ndagula, atsibweni ako abwereka galimoto. Ndege ikutera nthawi yanji?"

Madzi anafika m'khosi. Ndinaimba pomwepo, ndisanavule n'limodzi lomwe.

"Amayi, sindikubwera kumudzi. Ndili ku Zanzibar."

"Zanzibar wa ku Tanzania konkuno?"

"Eya."

"Akutuma akuntchito?"

"Ayi, amayi. Ndangobwera kudzaona nyanja."

Ndinkamva wailesi yawo ikulira chapatali.

"Chabwino," anatero. "Uyione bwino nyanjayo." Foni n'kuduka. (Chithunzi chija Mwansa anajambula pamenepa. Ena amati ndi mnzanga.)

Chilumbacho n'chokongola, sindinama, koma musamvere zithunzi zoonetsa munthu mmodzi pamchenga. Anthu ali pikitipikiti. Tinjira ta m'tauni n'topapatiza, njinga zamoto zimakudutsa m'khwapa, ndipo aliyense akugulitsa kanthu: zonunkhiritsa chakudya, ulendo wa pabwato, magalasi, nzimbe zofinya. Pogona pathu potchipa paja panali chipinda cha mabedi osanjikiza, momwe tinasakanikirana ndi atsikana achizungu oyenda ndi zikwama zakumsana. Kabati yanga inakwana jekete limodzi. Enawo ndinkagona nawo, poopa kutaya katundu wa eni.

Mwansa anasambira, anadya nyama za m'nyanja zimene sindikuzidziwa maina, anakwera timinibasi todzaza mpaka pakhomo, akusangalalira tonse awiri. Ine ndinkangomutsata ngati mbuzi yopita kumsika. Foni ya amayi inali yozima. Mchimwene wanga anangoti, "Achokapo, sananene kopita." Ndinaona kuti ndawapweteka mtima amayi anga chifukwa cha mchenga, ndipo ngakhale chinanazi sichinkakoma.

Litatsala tsiku limodzi kuti tibwerere, chakum'mawa, inalira nambala yachilendo. Anali mawu a amayi.

"Ndili padoko pano. Bwera msanga, anyamatawa akulimbirana chikwama changa."

Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi. Ndili mwana, amayi ankaoda zitenje ku Dar es Salaam. Msewu amaudziwa, pasipoti ali nayo, ndipo basi saiopa. Atadula foni ija anangomanga katundu, n'kukhala m'basi usiku ndi usana, kenaka m'boti.

Ndinathamanga, Mwansa ali pambuyo. Tinawapeza atakhalira chikwama chawo chachikulu pakati pa chikhamu, akukalipira onyamula katundu m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Ndinaima patsogolo pawo ngati mwana woswa mbale.

"Usadzimve," anatero osandiyang'ana. "Sindinabwerere iwe. Ndamva kuti uli ndi majekete a eni."

Kenaka anaimirira, anandigwira masaya ndi manja onse awiri, nati, "Waonda." (Ndinali nditanenepa, aliyense amadziwa.) Tinalira pomwepo anthu akutiwomba mapewa, ndipo amene analira mokweza kuposa tonse anali Mwansa.

Tsiku limenelo ndiye linali holide. Amayi analanda ulendo wonse. Kuchipinda anatsegula chikwama n'kutulutsa nkhuku ija, yokazinga mpaka kuuma gwa, ndipo atsikana achizungu anadya akunyambita zala. Mmodzi amene ankatuluka atavala tizingwe tokha anamukola ndi chitenje: "Tafunda ichi mwanawe, mayi ako angalire." Mtsikanayo sanamve liwu n'limodzi lomwe, koma anayenda nacho tsiku lonse monyadira. Kumsika ogulitsa amene ankatidyera ife anakumana ndi mwini ntchito, mpaka wina anawapatsa mpando kuti akambirane bwino.

Masana tinapita kunyanja. Amayi anakwinyira chitenje m'mawondo, analowa pang'onopang'ono, analawa madziwo n'kulavula.

"Zaka zonse zija ndinkabwera ku Dar," anatero, "ndinkangodziwa msika ndi depoti. Sindinapondemo m'madzi amenewa."

Funde linawagwetsa pansi, anadzuka akuseka ngati kamtsikana. Ine chibadwire ndinali ndisanawaonepo amayi anga akusewera. Titakhala pamchenga kuti tiume, ndinayamba kupepesa, kufotokoza za masutikesi ndi mphatso za azakhali. Anandidula.

"Ine ndinabereka sutikesi? Ukanangoti, amayi ndili pafupi. Basi."

Ndinangotsamira paphewa pawo.

M'mawa mwake, potsanzikana, anapinda majekete n'kuwalonga m'chikwama chawo. Lalitali, lofufuma, laubweya, kenaka lachinayi.

"Limenelo ndi langa, amayi."

"Ndikudziwa. Ndi chindapusa."

M'malo mwake anandipatsa kakatundu kochepa, kopepuka, ka Mayi Kalua: usipa, mtedza ndi kambuzi. Choncho ndinatera ku London mu Januwale nditavala malaya opyapyala ndi zitenje ziwiri. Ndinadikira basi ya ku Thamesmead mano akugundana, ndikununkha usipa moti m'basimo ndinapeza mipando iwiri ndekha, koma ndikuseka ngati wopenga.

Lamulungu ndinapereka phukusilo kwa Mayi Kalua nditakonzeka kuulula. Analinunkhiza, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tamva zonse, mwanangu. Majekete afika. Ulendo wina mudzatiuze msanga, tili ndi mabulangete."

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kukana katundu wa eni, koma mabulangetewo ali kale pansi pa bedi langa. Chimene chinasintha ndi foni ya Lamulungu. Amayi safunsanso kuti ndibwera liti. Amafunsa ngati Mwansa wapeza chilumba china chotchipa, ndipo sabata yatha, atamva za Mauritius, anandituma ndifufuze ngati kumafika basi.