Kansalu ka M'mimba mwa Njinga

Nkhani iyi ndimailambalala ngati njira ya kumanda. Koma poti aliyense kuyambira ku Kande mpaka ku Makuzi akuikamba mothira mchere, ndi bwino muimve kwa mwini manyazi.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, komabe mutu wanga sutaya kanthu. Amene anabwereka nkhuku yanga pa maliro a malume ndimamudziwa, ngakhale iye anaiwala kalekale. Ndiye nditasonkhanitsa phindu la usipa n'kugula njinga yamoto yatsopano, ya m'pepala, palibe anadabwa kuti ndinkaiyang'anira ngati khanda.

Ndinaipereka kwa mkamwini wanga, bambo a Wongani, kuti azichita kabaza pa siteji ya Chintheche. Ndi munthu wa ku Ntcheu, wofatsa, wosalawa mowa, woti akamalankhula nane mawu amachita kuwayeza. Njinga inkagona kwanga. Madzulo alionse ndinkatsegula thanki n'kuviikamo kamtengo ka chinangwa. Geji yoonetsa mafuta ndi ya ophunzira. Kamtengo sikanama.

Poyamba inkamwa mwaulemu, mpaka mkamwini ankaiwala njira ya kothira mafuta. Kenako zinayamba kusintha. Sabata iyi kamtengo kanyowa theka, sabata inayo kansonga kokha, pomwe okwera ndi omwewo, misewu ndi yomweyo.

"Bambo a Wongani, njingayi ikumakafika kuti?"

"Komwe kuja, amayi. Ku Kande, kuchipatala, kumsika."

"Nanga petulo akuthera kuti?"

"Nanenso zikundizunguza mutu. Pachitunda ikumalemera, utsinso ukutuluka wakuda."

"Utsi," ndinatero. "Chabwino."

Ine ndaika m'manda amuna awiri, ndipo onse anali akatswiri pofotokoza zifukwa. Ndinadziwa kuti petulo sauluka. Mwamuna akayamba kutha mafuta koma osabweretsa kanthu, ndiye kuti pali kasitomala wina amene salipira.

Maganizo amenewo ndinakawatula kwa mwana wanga Towera, mkazi wake. Sindinanene kuti mwina. Ndinanena ngati ndinawaona ndi maso. Towera analira, analongedza chikwama, anabereka Wongani n'kubwerera kwanga. Banja lonse lathunthu linatsamira pa kamtengo ka chinangwa.

Achimwene anga a Kamanga, omwe ndi ankhoswe a banjalo, anaitanitsa zokambirana pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga. Anabwera ndi makaniko wa pamsika.

"Uyu ndi mboni ya ndani?" ndinafunsa.

"Ya njinga, mlongo. Tisanaweruze munthu, tiyambe tafunsa chimene chikumwa petuloyo."

Oyandikana nafe anadzaza, ena manja akununkha chinangwa chonyika. Makaniko anamasula chivindikiro cha m'mbali, pansi pa mpando. Analowetsa zala n'kusolola chinthu chakuda bii, chonata ndi fumbi ndi oyilo.

"Wakuba wanu ndi uyu, ama. Apa ndi pa fyuluta, mphuno ya njinga. Pakatsekeka injini imabanika, ndiye imamwa ngati chidakwa cha pa ukwati." Anachitambasula, n'kuchiyang'anitsitsa. "Koma ichi ndi chidutswa cha chitenje. Cha mzimayi."

Towera anagwira pamtima.

Ine ndinaimirira. Ndinakonza kaye mpango kumutu, ndipo ndinalankhula pang'onopang'ono ngati mlaliki wa pamaliro.

"Mwaona nonse. Si chibwenzi chokha ayi, pali mankhwala omwe. Mkazi ameneyu waika nsalu yake m'mimba mwa njinga kuti izimulondola kulikonse ali. Mkazi wopanda manyazi, wopasula mabanja a eni ake, wosayenera kukhala pa benchi yakutsogolo m'tchalitchi. Apezeke, ndipo alipire mbuzi ku banja limene walisokoneza. Yaikazi, osati kamwana."

"Mlongo, dekha pang'ono," anatero a Kamanga.

"Ndagamula, achimwene. Chapani nsaluyo tione maluwa ake. M'dera lino mulibe chitenje chimene sindidziwa mwini wake."

Pamenepo pokha ndinanena zoona.

Towera anatenga beseni ndi sopo. Anachapa ndi ukali wonse wa mkazi wolandidwa, ngati akufinya khosi la mdani wakeyo. Madzi oyamba anataya akuda. Achiwiri anataya otuwa. Kenako pakansalu panatulukira kamutu ka nkhanga yachikasu.

Manja ake anayamba kuchedwa. Anayang'ana kansalu, anayang'ana ine. Osati kumaso ayi, m'chiuno.

Nanenso ndinaweramitsa maso. Nkhanga zachikasu zinali zitandizungulira kuyambira m'chiuno mpaka m'akakolo.

"Ama," anatero Towera motsitsa mawu, "tasunthirani kuno."

Anagwada, anasolola ngodya ya chitenje changa imene ndimaipisa mkati, n'kulumikiza kansalu konyowa kaja pong'ambika. Nkhanga yopanda mutu inapeza mutu wake.

Ndi pamene ndinakumbukira. Njinga itangofika kumene, nkhungu zinatuluka m'nyanja ngati utsi wa tchire, tizilombo tija timalowa m'mphuno, m'makutu ndi m'ndiwo momwe. Ndinaona kabowo pansi pa mpando kali yasa, ndipo ndinati njinga yanga yatsopano isadye zimenezo. Ndinang'amba ngodya ya chitenje n'kutsekapo bwinobwino. M'mawa kansaluko sindinakaone, ndinati mphepo yatenga. Kani njinga inameza.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. A Kamanga anayamba kuyang'ana mango osapsa m'mwamba. Makaniko anapukuta sipanala yoyera kale. Mayi wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chimene analibe. Towera ananyamula chikwama chake n'kukachimangirira pa kaliyala ya njinga.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma mkamwini wanga anasendera pafupi, anagwada monga mwa ulemu wake, maso pansi, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Amayi, pepani. Mbuzi ija munati yaikazi. Tiitenge lero, kapena muyambe mwatsanzikana nayo?"

Anaitenga tsiku lomwelo, pa njinga yomweyo, Towera ataifukata pamiyendo. Ndamva kuti ulendo wonse petulo sanatsike n'komwe.

Usanatemberere mwini nsalu, yamba wayang'ana chimene wavala.