Diso la Alamu pa Mazira

Inu, tamverani za alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, amene anagwirapo ntchito ya ulonda miyezi itatu yokha n'kubwerako ndi Chizungu chodzaza thumba.

Mkazi wanga ali ndi makina oswetsera anapiye. Tsiku lina m'mawa tinanyamuka kukazonda wodwala, m'makinamo muli mazira zana limodzi, otsala masiku atatu kuti aswe.

"Achimwene, mundiyang'anireko makinawa. Nambala ikakwera kupitirira 38, mutsegule kazenera aka."

"Chemwali, wafika pa eni ntchito! Azungu amati keep an eye on. Si kungopenya ngati mbuzi ayi, koma kulondalonda chinthu, osachichotsa diso mpaka mwini wake abwere."

Alamu anakoka mpando, kope pamwendo, cholembera kukhutu. Magalasi ali nawo, koma amati amawakalambitsa, ndiye anawasiya m'thumba poti mayi wa nyumba yoyandikana nafe amakonda kusuzumira. Atatsinzina diso limodzi anaona nambala yaikulu pachitseko cha makina, 37, n'kulemba.

Mphaka atalowa, anamuthamangitsa n'kutseka chitseko cha chipinda. Kamphepo katawomba, anatseka mawindo onse. Kenako chifundo chinawagwira, eti anapiye angazizidwe, n'kufunditsa makina bulangete langa!

Mayi uja anagogoda. "Bambo, kukutuluka kafungo kumeneko."

"Mayi, zonse zili m'kope. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, kayang'anireni mphika wanu."

Titabwera madzulo, m'chipindamo munali ngati mu uvuni, alamu thukuta kamukamu, koma nkhope yowala ndi kunyada.

"Chemwali, taona! Ola lililonse 37. Sinasunthe ngakhale pang'ono!"

Mkazi wanga anavundukula bulangete, mtima uli m'mwamba.

"Mumawerenga pati, achimwene?"

"Apa."

"Valani magalasi."

Anavala. Abale inu, chinali chipepala chomata cha kufakitale, chonena kutentha koyenera! Nambala yeniyeni inali m'munsi, yofiira, ikuphethira pa 60. Mazira onse anali atapsa.

Mkazi wanga misozi inalengeza, ine n'kumva chisoni ndithu. Koma alamu anakonza kolala.

"Komatu pa zana lonselo, palibe dzira limene lasowa."

Mkazi wanga anapita kukhitchini. Pobwera anawaikira mbale ya mchere pamwendo.

"Yambani, achimwene. Ine ndikuyang'anirani mpaka mumalize onse."