A Frackson Ankayenda Pambuyo Pathu

A Frackson Longwe a ku Mchengautuwa ankaba mayendedwe a anthu, ndipo Mzuzu yense ankadziwa. Iwe ukuyenda mumsewu, watchena, ukudzimva kuti ndiwe munthu, ungomva amayi a nthochi afa nalo phwete. Ukacheuka, ndi awo a Frackson pambuyo pako: mapewa ako ali pa iwo, mbina yako ili pa iwo, ngakhale kamwendo kokwekwereza kaja kamene akunyumba akhala akukubisira zaka zonsezi. Kuwonjezera chipongwe, ankaimba likhweru logwirizana ndi phazi lako.

Kale ankachita zisudzo m'maholo, koma anazisiya mokwiya.

"Ana a masiku ano zisudzo zawo n'kukuwa basi," ankatero. "Akakwiya atong'ole maso, akalira agubuduke pansi. Nkhope, adada, ngakhale wakuba amaikonza pagalasi. Koma msana ndani anaupakapo phauda? Ndipo munthu aliyense ali ndi nyimbo m'miyendo mwake, kungoti mwiniwake saimva."

Abusa ena a ku Chiputula ankayenda ngati asenza thireyi ya mazira. A Frackson anawatsata mpaka pakhomo pa tchalitchi, mapemphero n'kuchedwa chifukwa akwaya analephera kutulutsa mawu. Tsiku lina wapolisi wapamsewu anagwira a Frackson chifukwa chomuyeseza. Pofika pachipata cha kupolisi, a Frackson analowa ndi mayendedwe a mkulu wa pamalopo, anyamata awiri n'kuwamenyera saluti asanaone nkhope.

Anthu ankadandaula, inde, koma kunali kudandaula kwa bodza. "Wandichititsa manyazi chomene munthu uja," munthu ankatero, mano onse ali pamtunda, n'kukafotokozera ofesi yonse. Kuno munthu amene a Frackson sanamutsanzire anali mlendo, ngakhale atamanga nyumba ya malata.

Anthu awiri okha ndi amene sankawakhudza. Woyamba anali mkazi wawo, a NyaManda, wogulitsa nthochi pamsika. "Ameneyo yayi," ankatero a Frackson, "ndimafuna kudya madzulo." Wachiwiri anali a Whyte Kapalamula.

A Kapalamula anali a ku Dedza, boma linawatumiza kuno, ankakhala ku Salisbury Lines. Atangofika ankazemba msika poopa kusekedwa. Koma zaka zinapita, a Frackson anatsanzira bwana wawo, mesenjala, mlonda, onse, iwo ayi. Ndipo anthu ankangowatchulabe kuti "a boma aja". Pamaliro ankawapatsa mpando, koma khasu ayi. Zinkawapweteka kwabasi, ngakhale sankauza munthu.

Ndiye anayamba kudzionetsa. Anagula nsapato zolira. Ankadutsa pamsika pang'onopang'ono, kubwerera ngati aiwala kanthu, kudutsanso. A Frackson ankangoti, "Monire, adada," n'kutsata wanjinga ya kabaza.

Tsiku lina mtima unawakwana.

"A Longwe, kodi ineyo ndinakulakwirani chiyani?"

"Inu? Palibe."

"Nanga bwanji simunanditsanzirepo? Sabata yatha mwatsanzira galu wa pabutchala. Galu, a Longwe!"

"Galu uja amayenda zake," anatero a Frackson akusenda nthochi. "Inu mapewawo ndi a bwana wanu. Dzanja lakumbuyolo ndi la ahedi ena amene anakuopsani muli mwana. Kakhosiko n'ka owerenga nkhani pa kanema. Ndikatsanzira inu, anthu aseka ndani? Mukabwere ndi zanu, adada."

A Kapalamula anachoka nsapato zikulira. Chowawa n'chakuti zinali zoona. Anakula akusenza matumba a kachewere kutsika nawo mapiri, ndipo ankayenda chotang'adza, mawondo kunja, thupi chowerama. Kusekondale anawaseka mpaka anakwirira mayendedwe amenewo, osawafukulanso.

Chaka chatha mu Juni, kamvula kathu kosatha kaja kakuwaza, a Frackson anadzandira pamsika, kugwira pachifuwa, n'kugwera m'matope. Anthu anawomba m'manja.

"Ameneyo ndi Percy akachokera kumowa!"

"Yayi, ndi agogo aja a malasha!"

Taonani anthu ake! Munthu akufa, iwo akulimbirana yankho ngati mafunso a pawailesi. A NyaManda anali atapita kukaoda nthochi. Koma a Kapalamula, amene anatha zaka akusuzumira munthuyu ndi diso la njala, anaona kuti kugwa kumeneko sikunali kwa wina aliyense. Anataya ambulera, kuwabereka kumsana, n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto.

Munthu ukasenza katundu wolemera suganiza za bwana wako. Mawondo anatuluka kunja, msana unawerama, Dedza yense anabwerera m'miyendo. Ali kumsanako, a Frackson ananong'ona, "Eee! Kodi munali momwemu?"

Kuchipatala anagona masiku angapo. Lamlungu masana wodi inadzaza, a msika, a kwaya, ngakhale wapolisi uja. A Kapalamula anaima kumbuyo kwa onse ndi botolo la sobo. A Frackson kuyankhula kunali kutavuta, kudzuka n'kosatheka. Anangotulutsa dzanja, kuimika zala ziwiri pabulangete, kuzitang'adza, n'kuziyendetsa chowerama mpaka pabondo. Likhweru linkatuluka mpweya wokhawokha.

Onse anapenyetsetsa zalazo. Kenako a NyaManda anakuwa, "A Kapalamula awo!"

Wodi yonse inaphulika. Anamwino anabwera kudzakalipa, nawonso n'kugwira m'mimba. Anthu ankawamenya a Kapalamula pamapewa, wina n'kuwalanda sobo uja, wina akuti, "Tayendani tione, adada!" Anayenda, kuchokera pakhomo mpaka pawindo, misozi ikutsika, akuseka ngati mwana.

A Frackson anatisiya Lachinayi lake. Kumanda munthu wina anapatsira a Kapalamula khasu osafunsa n'komwe.

Masiku ano Mzuzu akuyenda mmene afunira. Abusa amadutsa ndi mazira awo mwamtendere, mabwana akutukumuka popanda wowaphwetsa, ndipo amayi a nthochi akaseka ndiye kuti wina waterereka basi. Msika uli phokoso lokhalokha, koma ukamadutsa umamva kuti palibe amene akukuona.

Mwezi watha a Kapalamula anapuma pantchito. Bwana wawo anawaitana n'kuwauza kuti lole yowatutira katundu kupita ku Dedza ilipo, angotchula tsiku.

"Yewo, bwana, koma musavutike," anatero. "Ndipitenso kuti? Kuno n'kumene anandiseka."