Fyuzi Yopanda Ulemu

M'mudzi wina, umene dzina lake ndimangolitchula popemphera, munali chipatala chaching'ono chimene chinalandira nyali yaikulu younikira odwala pochitidwa opaleshoni. Ndikungofotokoza monga anandiuzira Mayi Nangozo amene amasesa pamenepo. Ambuye andikhululukire ngati ndawonjezerapo.

Bokosi lopatsira nyaliyo magetsi analikonza Mayi Nasibeko, katswiri wa zamagetsi. Anaikamo fyuzi yoti izipsa moto ukachuluka, ndiponso waya wobiriwira wolowa pansi, kuti moto wosochera uzithawira m'nthaka osati m'thupi mwa wodwala.

Koma pachipatalapo panali Komiti Yolemekezeka Yoona za Kuwala ndi Zina Zotero. Mamembala ake ankatchaja mafoni pabokosilo, mpaka tsiku lina Wapampando Wamuyaya, a Dzimbiri, analumikizapo ketulo ya tiyi wa alendo. Fyuzi inapsa alendo akuona.

"Kachinthu aka n'kopanda ulemu," anatero a Dzimbiri pamsonkhano wadzidzidzi. "Kuzima pamaso pa alendo? Ikanipo msomali. Msomali sugona pantchito."

"Bambo Wapampando, fyuzi imapsa kuti munthu asapse," anadandaula Mayi Nasibeko.

"Nanga waya uyu akupita kuti?"

"Pansi, bambo."

"Pansi! Magetsi achitukuko mukupatsa nyongolotsi? Zinaumba njerwa zingati pomanga chipatala chino?"

Onse anaomba m'manja. Msomali unalowa, waya anamudula n'kuyanikapo mabandeji, ndipo Mayi Nasibeko anawathokoza mwaulemu n'kuwachotsa chifukwa chosakonda chitukuko. Kuyambira pamenepo nyali sinazimenso. Kungoti adokotala akaigwira ankavina pang'ono, ndipo komiti inalemba mulipoti kuti ogwira ntchito ndi osangalala.

Lachinayi lina m'mawa a Dzimbiri anatulukira akuyenda motang'adza, chithupsa chitawamera pokhalira. Anawagoneka chafufumimba pabedi lachitsulo. Adokotala anakulunga dzanja lawo ndi thaulo n'kuyamba kukokera nyali pafupi. Inkalira ngati njuchi, ikununkha mphira wopserera.

"Adokotala," ananong'ona a Dzimbiri, "chitsulo cha nyaliyo chikukhudza bedi?"

"Pang'ono chabe, Wapampando. Musaope, msomali uli maso."

"Nanga waya wopita pansi uja?"

"Mabandeji sanaume, bwana. Pumirani m'kati."

Akuti munthu wachithupsa sanathamangepo chotero. Anatuluka atagwira buluku m'manja, ndipo chithupsacho adokotala anakachiboolera pabwalo, padzuwa, pafupi ndi poimika njinga, amayi obwera kusikelo akuyang'ana kumbali mwaulemu koma ndi diso limodzi lokha.

Masana omwewo komiti inakumana, Wapampando ataimirira. Inalengeza kuti itaunika mozama yapeza kuti nyaliyo ilibe vuto lililonse, ndipo ipitiriza kutumikira anthu wamba onse mosasankha. Koma mamembala a komiti, posonyeza kudzichepetsa, asiyira ena mwayiwo. Iwo azichitidwa opaleshoni panja, ndi kuwala kumene Mulungu anapereka kwaulere.

Pofika Lamulungu, mudzi wonse unali utalembetsa kulowa komiti.