Tsiku Limene Ndinapachika Denga Pamutu pa Apongozi

Amene akuti ndine wabodza abwere kuno ayeze miyendo yangayi. Bwerani, a Tembo, inu amene mukusekera m'kapu ya tiyi, tengani chingwe muyeze, muona kuti wamanzerewu ukuposa wamanja ndi chikhatho chathunthu, ndipo sindinabadwe choncho ayi, pakuti mayi anga anabala mwana wolingana bwinobwino. Mwendowu unatalika tsiku limodzi, masana dzuwa likuswa mtengo, ku Vubwi, nditakwera fokolifiti, galimoto ija ya mano awiri yonyamulira katundu, apongozi anga ali pansi pa chitsulo cholemera kuposa ng'ombe makumi anayi. Inu mumangoiona fokolifiti ikunyamula matumba a feteleza pano pa Katete n'kumaiyesa ngolo ya ana. Ikani makapuwo pansi mumve.

Ndinaiyendetsa zaka zambiri pa depoti ina ya zitsulo ndi malata, ndipo panalibe wina wondiposa kuchokera pa Sinda mpaka kumalire. Ndiye mpingo wa Rifomudi wa kumudzi kwa akazi anga, kuseri kwa Vubwi uko, unamanga tchalitchi chatsopano, makoma n'kutha, ndipo zitsulo za denga anaziwotcherera kuno, zamakona atatu, zazitali moti lole itafika pa Chadiza mchira wa zitsulozo unali ukugwetsabe tomato pamsika wa Katete. Zotsitsa pa lole zinawavuta mutu akulu a mpingo, koma ine, mkamwini wa pamudzipo, ndinali nditadziguguda kale pachifuwa kuti ntchitoyo ndi ya munthu mmodzi. Bwana wanga anandibwereka fokolifiti Loweruka lina mwezi wa Okutobala, ndipo ndinaiyendetsa ndekha mumsewu wafumbi uja, n'kupitirira minibasi ziwiri ndi njinga yamoto, ngakhale buleki ya m'manja inadukira m'mabampu a kuphiri.

Tsopano mumvetse apa, chifukwa mukapanda kumvetsa mudzanditsutsa mwaumbuli. Mano awiri a fokolifiti ndi aafupi, safika ndi pakati pomwe pa katundu wotambalala ngati uja, ndiye timawaveka zitsulo zina zazitali zamphako, zimene ife pa depoti tinkazitcha nsapato. Nsapato siyenera kupitirira dzino ndi utali woposa theka la dzinolo, ndipo katundu amakhala kuchidendene, pakuti akapita kunsonga fokolifiti imaiwala mphamvu zake n'kuyamba kuwerama. Koma chachikulu ndi pini, kachitsulo konenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, kamene umalowetsa kuseri kwa chidendene kuti nsapato isavuke. Nsapato yopanda pini ndi patapata woduka chingwe. Zonsezi ine ndinkaphunzitsa ena, ndipo wolakwitsa ndinkamukalipira tsiku lonse.

Tinafika dzuwa litatsala pang'ono kuima pamutu. Akulu anati chitsulo cha nyumba ya Mulungu sichingakhudzidwe tisanapemphere, koma belu lawo linali limu ya tayala la lole yopachika pamtengo, ndipo choimbira chake chinali chitatayika sabata yomweyo. A Yesaya, mkulu woimba belu, anatenga pini ya nsapato yamanzere n'kukaimbira, ndipo inalira bwino moti anthu anatuluka m'madimba ndi makasu m'manja n'kulowa onse m'tchalitchi chakale chaudzu, ndi dalaivala wa lole yemwe. Panja tinatsala awiri, ine ndi apongozi anga aNambewe, mayi wa akazi anga. Iwo maondo anali atawakana kalekale, moti adzukulu anachita kuwanyamula m'mawa n'kuwakhazika pamphasa m'mbali mwa khoma latsopano kuti azisenda mtedza wa amisiri. Atandiona anakokera chitenje kumutu n'kugwetsa maso pansi, monga mwa mwambo wathu. Zaka makumi awiri ndili mkamwini wawo sitinayang'anizanepo m'maso, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa mwana kapena mwa akazi anga.

Nyimbo itayamba m'tchalitchi muja, mtima unandinyenga. Ndinati anthuwa akatuluka apeze chitsulo choyamba chili kale pakhoma, adziwe kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndinaliza injini, ndinalowetsa nsapato zonse ziwiri pansi pa chitsulocho, ndinakweza, chinadzuka, lole n'kupuma ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni, ndinabwerera m'mbuyo, ndinakhota, ndinakwezanso mpaka chinapitirira mitengo ya mango, ndipo ndinayamba kulunjika kukhoma mtima uli m'malo. Chimene sindinaone n'chakuti bwalolo linali lotsetsereka, lolowera kumene kunali mphasa ija. Mphuno ya fokolifiti itangoweramira kumtsetse, ndinamva kulira kwa chitsulo pachitsulo, kuti kwii, ndipo nditayang'ana ndinaona nsapato yamanzere ikuvuka, chala chimodzi, zala ziwiri, chikhatho, ikutenga denga lonse kupita nalo kwa apongozi.

Mukumva? Ndinaponda buleki ndi mwendo wamanja mpaka chopondera chinapindika, koma nsapato inkapitabe, ndipo dzanja silikanafika. Ndiye ndinavula jombo, ndinaponya mwendo wamanzere pakati pa matcheni okwezera mano, mwendo unapita, unaperewera, ndinauuza kuti lero ukandichititsa manyazi ndikudula, unatalika, mafupa akulira ngati nsungwi pamoto, unatalikanso, mpaka zala zinakagwira chidendene cha nsapato mmwambamo, chala chachikulu n'kulowa pabowo la pini. Ndikulumbira pali manda a bambo anga, chala ichi chimene mukuchionachi chinagwira ntchito ya pini, n'chifukwa chake chilibe chikhadabo mpaka lero.

Koma katundu anali atafika kale kunsonga. Matayala akumbuyo anayamba kunyamuka, ndinawamva akuchoka pansi, mpando ukundikweza, ndipo ndinadziwa kuti akakwera pang'ono pokha tonse tigwera pamphasa paja, ine, makina ndi denga. Chimene chinatibweza ndi mantha anga. Munthu sanaopepo chonchija, a Tembo, mantha anatsikira m'mimba, analemera ngati matumba a simenti, mpando unaphwanyika masipuling'i, matayala n'kubwerera pansi. Pomwepo thukuta linayamba, likutsika m'khosi, m'malaya, m'buluku, likugwera pansi, likuyenda ngati ngalande ya m'dimba, dothi la Okutobala louma gwaa lija n'kusanduka matope, achule n'kutuluka kuyesa mvula yagwa, ndipo fokolifiti inayamba kutsetsereka m'thukuta langa lomwe buleki ndili chipondere. Ngati zimenezo sizinakwane, kamvuluvulu anachokera kumalire a Mozambique, anazungulira chitsulocho katatu, n'kuchigwedeza uku ndi uku ngati lichero.

Ndinagwira njakata. Kuchotsa phazi pabuleki kuti ndibwerere m'mbuyo kukanandigubuduzira kutsogolo giya isanagwire. Kutsitsa sindikanayerekeza, chifukwa kuchokera pampando paja ndinkaona nsonga ya chitsulo ili ndendende pamutu pawo. Kuitana a m'tchalitchi kunali kutaya mpweya, pakuti amayi a Chigwirizano akagwira nyimbo ngakhale mphezi simveka. Hutala ya fokolifiti sinkalira, inali ndi chisa cha mavu. Anatsala ndi apongozi okha, ali phee, chitenje kumutu, zala zikuswa mtedza umodziumodzi, ndipo ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwachenjeze koma lilime linakana. Musaseke. Inu a m'tauni mumamwa tiyi tebulo limodzi ndi apongozi anu, simungadziwe kuti pakamwa pamene pakhala potseka zaka makumi awiri sipatseguka chifukwa imfa yafika. Ndipo ngakhale ndikanakuwa, akanathawa ndi maondo ati?

Pafupi ndi njerwa panali mbuzi yaikazi ikudya makoko a mtedza. Popeza panalibe mwana woti n'kumutuma, ndinatuma iyoyo. Ndinalankhula mokweza, maso ali pambuzi.

"Mbuzi iwe, kauze agogo a Tiyanjane kuti kumwamba sikuli bwino."

Tiyanjane ndi mwana wanga woyamba. Mbuzi inandiyang'ana, inayang'ana kumwamba, inameza makoko, inayenda mpaka pamphasa n'kukoka chitenje chawo ndi mano. Chala changa chinali chitafa dzanzi, magazi akutsika m'mwendo, ndipo ndinamva nsapato ikusunthanso pang'ono. Ndinawerenga mumtima kuti ndikafika khumi chala chiduka, ndipo ndinaona kale nkhope ya mkazi wanga akutuluka m'tchalitchi kudzapeza mayi ake pansi pa chitsulo chimene ndinanyamula ine. Ndinafika zisanu ndi chimodzi apongozi asanayankhe. Sanadzutse mutu, sanasiye kusenda, anangoikankha mbuziyo ndi chigongono n'kuilankhula ngati akukamba za nyengo.

"Ndaona kale. Kawauze bambo a Tiyanjane kuti dzuwa lili pamutu, ndipo mthunzi wa chinthu chawocho sunafike pamphasa. Atsitse pomwepo, asadikire kuti ufike."

Ndinayang'ana pansi kwa nthawi yoyamba. Zinali zoona. Dzuwa likaima pamutu mthunzi umagwa pamene chinthu chingagwere, ndipo mthunzi wa nsonga ija unali utatsala phazi limodzi kuti ukhudze mphasa, ukukwawa pang'onopang'ono pamodzi ndi matope aja. Ine katswiri ndinkayeza ndi mantha kuchokera pampando, iwo ankayeza ndi maso ogwetsa pansi aja. Ndinagwira ndodo yotsitsira ndi manja onse awiri, ndinaikankha pang'ono ngati ndikugwira dzira, chitsulo chinayamba kutsika, mthunzi ukuyandikira, chikutsika, ukuyandikira, chinapitirira mitengo ya mango, chinafika pamsinkhu wa khoma, wa munthu, wa mbuzi, mthunzi unakhudza ulusi wa m'mphepete mwa mphasa, ndipo chitsulo chinakhala pansi kuti di. Chinaswa mtedza umodzi wokha umene unagubuduka kuchoka m'lichero. Apongozi anautola, anauuzira fumbi, n'kuuponya m'mbale.

Ndinakhala pampando paja osatha kutsika, mwendo uli lendee, ukubwerera pang'onopang'ono, koma sunabwerere wonse. Anthu atatuluka anapeza chitsulo chili pambali pa nkhalamba, nsapato ili yovuka theka, ine ndili ngati wovuulidwa m'chitsime. Akazi anga anagwa pansi n'kuwakumbatira mayi awo, akulira. Akulu a mpingo anandizungulira kufunsa chimene chachitika, ndipo ine, pothawa manyazi, ndinaloza a Yesaya amene anali ndi pini ija m'thumba la jekete. Ndinati anaichotsa ine osadziwa. Munthu wamkulu uja anthu anamunena zambiri, ndipo sabata yotsatira belu anapatsa wina. Denga tinakweza madzulo omwewo, mapini onse awiri ali m'malo, anthu ataima kutali, apongozi atawanyamulira kuseri kwa tchalitchi chakale.

Mwaseka mokwanira, a Tembo, ndipo za mwendowu sindibweza ngakhale liwu limodzi, chingwe chilipo, yezani. Bodza m'nkhani yonseyi ndi limodzi lokha, ndipo ndi lija ndinauza akulu a mpingo. A Yesaya sanachotse pini mobisa. Anaipempha mwaulemu, atavula chipewa, ndipo ndinaisolola ndekha ndi dzanja ili n'kuwapatsa, ndikunena mokweza kuti anthu amve, kuti munthu ngati ine pini ndi chokongoletsera chabe. Anthu anali pachipiringu cha lole, sanamve, koma apongozi anali pomwepo pamphasa, ndipo makutu awo anali akuthwa kuposa anga. Anakhala ndi moyo zaka zisanu ndi zinayi pambuyo pake osauza mwana wawo, osauza mpingo, osauza ndi mbuzi yomwe. A Yesaya alipobe, akalamba, amakhala benchi lakumbuyo pansi pa denga lomwelo, ndipo ndikapita ku Vubwi amayamba ndi iwo kundipatsa moni.